Chitsamba cha Minga cha m'Makwawa a California

Loweruka, Berkeley

Mwana wa mlongo wanga watenga tchuthi kuntchito kuti andizungulitse. Atandifunsa zomwe ndikufuna kuona ankayembekeza kuti nditchula mlatho wa Golden Gate kapena Hollywood, koma ndamuuza kuti ine ndikufuna makwawa. Munthu amene wakalambira m'nkhalango za paini, akafika kudziko la eni maso ake amathamangira pansi, ku zomera za m'tsinde mwa mitengo, chifukwa ndi zomwe zimaulula ngati nthaka ili moyo kapena yatopa.

Wanditengera ku Regional Parks Botanic Garden, m'paki ya Tilden, pamwamba pa mapiri a Berkeley. Mundawu unayamba mu 1940 ndipo amasungamo zomera za California zokhazokha, zobzalidwa m'magawo potsata madera ake: za kuchipululu kwaokha, za kumapiri ataliatali a Sierra Nevada kwaokha, za m'mbali mwa nyanja kwaokha. Polowa salipiritsa. Kuno February ndi mwezi wa mvula, koma ndi mvula ya m'chisanu. Imayamba cha mu November n'kuleka cha mu April, kenako miyezi yonse yotsalayo kumwamba kumangoti mbee, osadontha. Chomera chilichonse cha kuno chinazolowera chaka choterechi.

M'munsi mwa njira, pafupi ndi kamtsinje, ndi pomwe ndachipeza. Si chitsamba chodzionetsera. Kutalika chimandifika m'chifuwa, nthambi zake n'zowonda, zoweramira pansi. Pa mfundo iliyonse pali minga itatu yotulukira pamodzi ngati phazi la nkhuku, ndipo pakati pa mfundozo pali timinga tina ting'onoting'ono tosawerengeka. Palibe pogwira. Koma mukagwada n'kusuzumira kunsi kwa nthambi, mumapeza maluwa atalendewera chamutu pansi: timasamba tisanu takunja, tofiira moderako, tapindikira m'mbuyo, m'kati muli tina toyera tokulungika, ndipo kunsi kwenikweni kwatulukira timitu ta mungu. Duwa lonselo silikula kuposa chikhadabo cha chala chachikulu.

Pakachikwangwani alembapo kuti Ribes menziesii, ndipo eni dziko amati canyon gooseberry. Si jamu wathu uja wa m'kachikwama ayi, jamu ndi wa banja la tomato. Mitundu ya Ribes m'California muno ilipo pafupifupi 30. Yaminga amaitcha gooseberry, yopanda minga amaitcha currant.

"Amalume, ulendo wonsewu titsate kachitsamba aka?" mnyamatayu wandifunsa tikukwera galimoto.

Ndamuyankha kuti eya, titsike nako mpaka kummwera, tione komwe kamakhala kokha popanda wokathirira.

Lamulungu, Mount Tamalpais

Tawoloka nyanja m'mamawa kupita ku Marin, dera la kumpoto kwa San Francisco. Phiri la Tamalpais ndi la mamita 784 okha, koma limadzuka molunjika kuchokera kunyanja ya Pacific, ndiye nkhungu imalikuta kawirikawiri. Galimoto tasiya pa Pantoll n'kutsika njira ya Steep Ravine, yomwe imatsata mtsinje wa Webb Creek mpaka kufupi ndi Stinson Beach. Penapake pali makwerero a matabwa oti utsike chafutambuyo pambali pa mathithi. Matabwawo anali onyowa, oterera, ndipo mnyamatayu anatsogola kuti andigwire mwendo ndikaterereka.

Khwawali ndi la mitengo ya redwood. Sindinganame, mitengoyi imachititsa munthu kukhala chete. Mtundu umenewu ndiwo wautali kuposa mitengo yonse padziko, ndipo wina kumpoto kwa California anauyeza n'kupeza kuti ukupitirira mamita 115. Masamba ake amakola nkhungu n'kuidonthetsera pansi, moti ngakhale m'chilimwe tsinde lake silimauma kwenikweni. Aliyense amene takumana naye m'njira anali atakweza mutu, foni kumwamba. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ndamuona akuyang'ana m'mbali mwa njira.

M'kati mwenimweni mwa redwood muli mdima, ndipo chitsamba chathu mulibe. Chimakonda m'mphepete, pamene mtengo unagwa n'kutsegula denga, kapena pamene nkhalango ikuthera kuti tchire liyambe. Kumeneko ndachipeza chili m'timagulu, mizu yake itagwira dothi la pamtsetse lomwe bwenzi litakokoloka kalekale. Ndatikita tsamba limodzi pakati pa zala: ndi lofewa, laubweya, lomata pang'ono, ndipo limasiya kafungo konunkhira kokhalitsa. Njuchi zazikulu zaubweya zija zimagwira duwa chagada, thupi lonse lili lende, nthambi n'kumagwedera. Kunali kukuzizira moti ine manja anali m'thumba, koma izo zinali kale pantchito. Nyengo ino maluwa m'tchire ndi ochepa, choncho njuchi yaikazi yomwe yangodzuka kumene kuti iyambe chisa chatsopano imadalira zomera zofulumira ngati zimenezi.

Zipatso sizinayambe. Zimadzapsa m'chilimwe, zofiirira, kukula kwake pafupifupi sentimita imodzi, nazonso zitavala timinga thupi lonse. Mbalame zimadya n'kukamwaza njere kutali.

Chenjezo kwa aliyense wobwera kuno: pali chomera china chotchedwa poison oak chomwe chimamera malo omwewa, nthawi zina nthambi zake zitalowerana ndi za gooseberry. Masamba ake amakhala atatuatatu, ndipo mwezi uno akungophukira kumene, ofiira, onyezimira. Mafuta ake akakhudza khungu amatulutsa matuza oyabwa kwa masabata, ndipo ngakhale kamtengo kopanda masamba kamachita zomwezo. Ofuna kugwada kuti aone maluwa, ayambe ayang'ana pomwe akuika bondo.

Pobwerera mnyamatayu wandionetsa mtengo wa khungwa lofiira losendeka lokha, thunthu lake losalala ndi lozizira ukaligwira. Ndi madrone, Arbutus menziesii. Pambali pake panali Douglas fir, Pseudotsuga menziesii. Phiri limodzi, zomera zitatu, zonse zonyamula dzina la munthu mmodzi. Mawa tikupita komwe munthuyo anatsikira.

Lolemba, Monterey

Mvula yagwa kuyambira ku San Jose mpaka kuno, ndiye lero tangoyenda m'tauni ndi maambulera.

Archibald Menzies anali dokotala wa ku Scotland, wobadwa mu 1754, amene anakwera sitima yapamadzi ya Discovery pa ulendo wa George Vancouver wa 1791 mpaka 1795. Ntchito yake inali kuchiza amalinyero komanso kutola zomera paliponse pomwe sitima yaima. Anafika ku San Francisco mu November 1792, n'kutsikira kuno ku Monterey mwezi womwewo, nthawi imeneyo ili likulu la Asipanishi m'dera lino. Zomera zouma zomwe anapita nazo ku London ndi zomwe katswiri wina, Frederick Pursh, anagwiritsa ntchito polemba za chitsambachi m'buku lake la 1814, n'kuchipatsa dzina la Menzies.

Ndaima padoko ndikuyang'ana mapiri. Menzies anafika mu November, nthawi imene mvula yoyamba imakhala itangogwa kumene ndipo tchire likadali lotuwa. Munthu wotola zomera nyengo imeneyo ayenera kukhala wa maso odekha, wodziwa kuti kamtengo kouma kangakhale ndi nkhani. Ndimamulemekeza pa chimenecho. Koma asanabwere iye, anthu a mtundu wa Rumsen Ohlone anali atakhala m'chigwa chino mibadwo yosawerengeka, akudziwa chitsamba chilichonse ndi nyengo yake. Pamene sitimayo inkafika, ambiri a iwo anali atasonkhanitsidwa kale ku mishoni ya Carmel, komwe matenda obwera ndi alendo anawatha kwambiri.

Chinanso chandikhudza ndi paini wa kuno. Monterey pine, Pinus radiata, mwachilengedwe amamera malo asanu okha padziko lonse: kuno, ku Año Nuevo, ku Cambria, ndi pa zilumba ziwiri za Mexico, Guadalupe ndi Cedros. Koma ndi mtengo womwewu umene unadzaza minda ya matabwa ku New Zealand, Chile, Australia ndi South Africa. Kwawo kuno ndi wopindika, wopotoka ndi mphepo ya kunyanja, woti wocheka matabwa sangauyang'ane kawiri. Ndathyola kamtolo ka masamba ake n'kuwerenga: atatu. Chizolowezi cha ntchito sichichoka.

Lachiwiri, Garrapata ndi Big Sur

Kwacha bwino. Msewu wa Highway 1 kummwera kwa Carmel unasemedwa m'mbali mwa mapiri a Santa Lucia, kumanzere thanthwe, kumanja phompho ndi nyanja. Anaumaliza mu 1937, ndipo mlatho wotchuka wa Bixby ndi wa 1932. Pamlathopo magalimoto anali ndiii, aliyense akujambula. Ife tinali titayamba taima ku Garrapata State Park, pakhomo pa khwawa la Soberanes.

Pa 22 July 2016, munthu wina anakoleza moto m'paki imeneyi pamalo osaloledwa n'kuusiya osazima. Motowo unayaka pafupifupi miyezi itatu, n'kupsereza mahekitala oposa 53,000. Nyumba zambiri zinapsa, ndipo woyendetsa chigalimoto cholambula njira yotchinga moto anafera pantchito. Zonsezi kuchokera pa nkhuni zochepa.

Njira imayamba poyera, pamtunda wa zitsamba zotuwa zonunkhira, kenako imalowa m'khwawa momwe mtsinje umawolokedwa kangapo. Mukalowa m'kati mumapeza redwood atadetsedwa ndi moto mpaka pamwamba pa mutu wa munthu, koma ali moyo, ndipo m'tsinde mwawo mwazungulira mphukira. Makala akadalipo pakhungwa. Ndapaka chala, chada. Pakati pa mitengo yopsayi ndi mtsinje, gooseberry wabwerera. Moto umatsegula denga, dzuwa limafika pansi, ndipo njere zomwe zinagona m'dothi zaka zambiri zimadzuka. Zina zimaphukanso kuchokera patsinde lakale. Ndakhala pansi pafupi ndi chimodzi kwa kanthawi. M'kati mwa mingamo munali timbalame tofiirira tikudumphadumpha, mosatekeseka ndi ine, chifukwa tikudziwa kuti palibe kabawi kapena mphaka amene angalowemo. Kunsi kwake, pamalo pomwe mbawala sizingafikitse mlomo, kamtengo kena kanali kakukula bwinobwino. Chitsamba cha minga chimalera ana a mitengo ina. Izi ndinaziona kambiri pantchito, ndipo ndasangalala kuzionanso kutsidya lino la dziko.

Masana tafika ku Pfeiffer Big Sur. Mitengo yambiri ya tanoak kuno inauma ndi matenda otchedwa sudden oak death, omwe anayamba kuonekera ku Marin cha m'ma 1990. Kachirombo kake kamayenda m'madzi ndi m'matope, ndiye tisanalowe m'galimoto tapala nsapato ndi kamtengo mpaka zayera.

Dera lino ndi la anthu a mtundu wa Esselen. Anakhala opanda malo awoawo kwa zaka zoposa 200, mpaka mu 2020 pamene anabwezeredwa mahekitala pafupifupi 500 m'mbali mwa mtsinje wa Little Sur.

Kutsogolo msewu ndi wotseka chifukwa phiri linagumukira pamsewu, zomwe zimachitika kawirikawiri kuno mvula ikachuluka. Tabwerera ku Monterey.

Lachitatu, pamsewu wa 101

Tsiku la m'galimoto. Chigwa cha Salinas ndi minda ya letesi, burokoli ndi sitiroberi kuyambira kuphiri ili mpaka kuphiri ilo, mizere yowongoka, anthu atawerama m'mizeremo atadzikulunga nkhope. Mapiri a Santa Lucia tsopano ali kumanja kwathu, tikuwaonera kumbuyo kwake.

"Amalume, mwakhala chete. Mukuganiza chiyani?"

Ndamuuza kuti pamwamba pa mapiri amenewo, cha ku Cone Peak, pali paini wotchedwa sugar pine, wa masamba asanu pa kamtolo, ndipo paini wa masamba asanu ndi Ribes ali ndi mbiri yowawa. Nayi mbiriyo monga ndamufotokozera.

Pali matenda a dzimbiri otchedwa white pine blister rust, oyambitsidwa ndi kachirombo ka mtundu wa bowa, Cronartium ribicola. Sikangamalize moyo wake pa chomera chimodzi. Kamachoka pa paini kupita pa tsamba la Ribes, n'kuchoka pa Ribes kubwerera pa paini. Pa Ribes kamangothothola masamba, chaka chamawa chitsamba chaphukanso. Pa paini kamalowera pa tsamba, kutsika m'nthambi mpaka pathunthu, n'kulizinga ndi bala mpaka mtengo kuuma. Matendawa si a ku America. Anabwera ndi mbande za paini zomwe anthu anaitanitsa kuchokera ku nazale za ku Ulaya cha m'ma 1900, ndipo kumadzulo kuno analowera ku Vancouver, ku Canada, mu 1910.

Akatswiri anaona kuti fumbi la matendawa lochoka pa paini limauluka makilomita mazanamazana, koma lochoka pa Ribes limafa msanga ndipo kawirikawiri silipita patali. Ndiye anaganiza kuti akachotsa Ribes yense pafupi ndi nkhalango za paini, unyolo uduka. Boma linaika ziletso pa kubzala ndi kunyamula Ribes, makamaka blackcurrant. M'zaka za m'ma 1930, anyamata a Civilian Conservation Corps, gulu lomwe boma linakhazikitsa mu 1933 kuti osowa ntchito apeze chochita, ankayenda mondondozana m'nkhalango ndi makasu, akuzula tchire lililonse la Ribes. Anazula mamiliyoni ambirimbiri, kuphatikizapo m'mapiri a Sierra Nevada. Kenako anayamba kuthira mankhwala.

Sizinathandize mokwanira. Njere zinali mbwee m'dothi, ndipo kukumba komweko kunkazidzutsa. Matenda anapitirira kufalikira. Mu 1966 boma lalikulu linachotsa chiletso n'kusiyira zigawo kuti zidzionere zokha, ndipo ntchito yozula inasiyidwa m'zaka zomwezo. Lero chiyembekezo chili pa kusankha mitengo ya paini yomwe mwachibadwa imapirira matendawa n'kufesa njere zake.

Anthu amene ankazulawo sindiwanyoza. Ankafuna kupulumutsa nkhalango, ndipo nzeru yawo inali ndi mutu. Chimandipweteka n'chakuti chitsamba chomwe chinakhala mwamtendere ndi paini ameneyu kuyambira kalekale ndicho chinalipira mlandu wa mbande zobwera pa sitima. Ife a zankhalango kwathu tikudziwa ululu wa mlendo wotere: nsabwe za mitengo ya mkungudza zitatulukira m'Malawi mu 1986, zinafika mpaka pa mkungudza wa pa Mulanje, ndipo nazonso zinachokera kunja.

Mnyamatayu anangoti, "Ndiye chifukwa chake kuno blackcurrant sapezeka m'sitolo?" Eya, mbali yaikulu ndi imeneyo. Mibadwo ingapo ya anthu a kuno inakula osadziwa kukoma kwake.

Tagona ku Los Osos.

Lachinayi, Montaña de Oro

Lero ndiye tsiku lomwe ndidzalikumbuke.

Polowa m'paki mumadutsa m'nkhalango ya bulugama, yobzalidwa m'mizere kalekale ndi mwini malo wina amene ankayembekeza kupeza phindu pa matabwa. Phindulo silinabwere, mitengo inatsala. Pansi pake pali makungwa ndi masamba ouma okhaokha, palibe chomera. Tapitirira mpaka kumapeto kwa msewu, komwe kumayambira njira ya Coon Creek.

Sitinayende patali. Pambali pa njira, m'mthunzi wa mitengo ya oak, panali chitsamba chomwe nthambi zake zinali zitapindika, ndipo kunsi kwa nthambi iliyonse, kuyambira patsinde mpaka kunsonga, maluwa ofiira psuu anali atandandalika lendelende. Ameneyu ndi mbale wake wa kummwera, Ribes speciosum, fuchsia-flowered gooseberry. Amamera kuchokera cha ku Santa Clara mpaka ku Baja California, ku Mexico. Nayenso anapatsidwa dzina ndi Pursh yemwe uja. Masamba ake ndi aang'ono, obiriwira kwambiri, onyezimira ngati apakidwa mafuta. Minga yake ndi yoopsa kuposa ya uja wa kumpoto, itatuitatu pamfundo, yaitali, yolimba. Duwa ndi kachubu kofiira, ndipo m'kamwa mwake mwatuluka timaulusi tinayi ta mungu, tofiira natonso, totalika kuposa duwa lenilenilo. Kamphepo kakadutsa, mzere wonse umagwedezeka pamodzi.

Duwa lotere silinapangidwire njuchi. Palibe potera, fungo palibe, timadzi tili m'kati mwenimweni mwa chubu. Mwini wake sanachedwe. Ndinangomva "vuuu" pafupi ndi khutu, ndipo kambalame kanali kataima m'malere kutsogolo kwa nthambi, mapiko osaoneka. Ndi Anna's hummingbird, kolemera magalamu anayi kapena kupitirira pang'ono. Kanalowa kunsi kwa duwa, kukweza mlomo, kumwa, kubwerera chafutambuyo, kupita pa lotsatira, mzere wonse mpaka kunsonga, minga yonse ija osaikhudza ngakhale umodzi. Pomwe kakumwa, timaulusi tija timakapaka mungu pakhosi ndi pamphumi. Katatembenukira kudzuwa, mutu wonse womwe unkaoneka wakuda unayaka mtundu wofiira wonyezimira, n'kuzimanso katangopotoloka.

Mbalame zambiri zimadikira kuti kufunde zisanamange zisa. Iyi imayamba mu December, pakati pa chisanu, ndipo gooseberry ameneyu amachita maluwa kuyambira cha mu January mpaka May, nthawi yomwe yaikazi ikufungatira ndi kudyetsa ana. Chisa imamanga ndi ubweya wa zomera, n'kumanga ndi ulusi wa kangaude kuti chizitamuka ana akamakula, ndipo imaikira mazira awiri okha. Kale mbalameyi inkaswana ku California ndi ku Baja kokha, komwe kuli zitsamba zoterezi. Masiku ano yafika mpaka ku British Columbia chifukwa cha maluwa a m'minda ya anthu, bulugama amene amachita maluwa m'chisanu, ndi timabotolo ta madzi a shuga tomwe anthu amapachika pakhonde.

Tili pomwepo, yaimuna inakwera kumwamba mpaka kutsala kadontho, n'kudzigwetsa pansi mwaliwiro, ndipo itafika kunsi inalira "tswii!" mokweza moti mnyamatayu anadzidzimuka. Phokoso limenelo silichokera kukhosi. Ofufuza a ku yunivesite ya California ku Berkeley anaonetsa mu 2008 kuti ndi nthenga za kumchira zomwe zimalira mbalame ikazitambasula mwadzidzidzi pa liwiro limenelo. Inabwereza kangapo, kenako inatera pa kanthambi kouma pamwamba pa chitsamba chake, maso uku ndi uku. Ina iliyonse yoyandikira inkathamangitsidwa.

"Amalume, tiyeni, njira ikadali yaitali."

"Pita mwanangu, undipeza pompano."

Anapita yekha mpaka kumapeto kwa njira, ndipo pobwera anandipeza ndikadali pamwala womwewo.

Lachisanu, Santa Barbara

Taima mwachidule ku Santa Barbara Botanic Garden, m'khwawa la Mission Canyon. Munda umenewu ndi wa 1926, nawonso wa zomera za California. M'kati mwake muli damu la miyala la 1807, lomwe anthu a mtundu wa Chumash anamanga pansi pa ulamuliro wa mishoni kuti madzi azitsikira ku mishoniko. Miyala ikadali yogwirana.

Mayi wina wachikulire wogwira ntchito mongodzipereka anandiona ndikujambula Ribes speciosum ndipo tinacheza. Anandionetsa chithunzi cha chitsamba chomwechi cha mwezi wa August: tsamba ngakhale limodzi palibe, minga yokhayokha yotuwa. Chimayoyola masamba chilimwe chikafika kuti chisataye madzi, n'kugona mpaka mvula yoyamba. Mvula ikangogwa, m'masiku ochepa chabiriwira. Anati alendo ambiri akachiona m'chilimwe amafunsa chifukwa chomwe ogwira ntchito sakuchotsa chitsamba chakufacho.

Loweruka, Solstice Canyon ndi Sun Valley

Solstice Canyon ili ku Malibu, m'mapiri a Santa Monica, ndipo mtsinje wake ndi umodzi mwa yochepa kuno yomwe siiphwa chaka chonse. Kumapeto kwa njira kuli bwinja la nyumba ya banja la Roberts, yomwe inamangidwa mu 1952. Anaijambula ndi Paul R. Williams, katswiri wa zomangamanga wachikuda amene anajambulira nyumba anthu otchuka ambiri a ku Los Angeles. Inapsa ndi moto wa m'tchire mu 1982. Chatsala ndi maziko, masitepe ndi machumuni, ndipo zomera zikulowa pang'onopang'ono m'zipinda.

Mu November 2018 moto wa Woolsey unadutsanso m'mapiri ano, n'kupsereza mahekitala pafupifupi 39,000 kuchokera kumtunda mpaka kunyanja. Tchire la kuno, lomwe amati chaparral, limaudziwa moto, koma limafuna zaka makumi angapo pakati pa moto wina ndi unzake kuti likhwime n'kusunga njere m'dothi. Moto ukamabwera pafupipafupi, ndipo wambiri amayambitsa ndi anthu kapena mawaya a magetsi, zitsamba zimalephera kubwerera. Malo ake amalowa udzu ndi mpiru wakutchire zochokera ku Ulaya, zomwe zimauma msanga n'kuyakanso mosavuta. Izi ndaziona ndi maso: mtunda woyang'ana dzuwa uli ndi udzu wokhawokha, pomwe m'khwawa, kumbali ya mthunzi, pansi pa oak ndi sycamore, gooseberry wofiira uja akadalipo, ndipo ka hummingbird kanali pomwepo.

Lamulo la California limafuna kuti okhala m'madera a moto alambule mamita 30 kuzungulira nyumba. Lamulolo ndi labwino, lapulumutsa nyumba ndi miyoyo. Nkhawa yanga ili pa nthawi yolambulira. Ntchitoyi imagwiridwa chilimwe chikamayamba, pomwe chitsambachi chikuyoyola masamba, ndipo munthu wa chikwanje amene sanachionepo mu February alibe chifukwa chochisiyira. Lamulo silinena kuti pasatsale kanthu. Limalola zitsamba zotalikirana, zosadzaza zinyalala. Chofunika ndi munthu wodziwa kusiyanitsa chouma ndi chogona.

Madzulo mnyamatayu wakhotera ku Sun Valley osandiuza. Kumeneko kuli nazale ya Theodore Payne Foundation, bungwe la 1960 lomwe limagulitsa zomera za California zokhazokha. Watuluka atanyamula Ribes speciosum m'kachitini, akuti akabzala kuseri kwa nyumba yake ku Oakland. Wogulitsa watilangiza kuti tikabzale pamthunzi wopepuka, kutali ndi njira yodutsa ana, tisathire feteleza, tithirire chaka choyamba mpaka mizu igwire, kenako m'chilimwe tichisiye chigone, chifukwa madzi ambiri nthawi yotentha amaoletsa mizu. Ine ndawonjezapo kuti amangirire kansalu kofiira pa nthambi, kuti wodzatchetcha udzu mu August asadzachidule.

Tachikulunga ndi katoni kuti minga isang'ambe mpando. Mawa tidzuka m'bandakucha kubwerera kumpoto pa msewu wa Interstate 5, makilomita pafupifupi 600, ndipo tikufuna tikafike kukadali kowala kuti tikakumbe dzenje mvula ya sabata yamawa isanagwe.